Kalata yotseguka: ndani akusankhira ana athu a Fomu 1 njira ya maphunziro?

Kwa olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro, kwa a PEO, mkulu wa zamaphunziro wa Chigawo cha Kum'mawa cha Zambia ku Chipata, kwa a DEBS, akulu a zamaphunziro a m'maboma onse 15 kuyambira ku Nyimba mpaka ku Chama, ndi kwa inu ahedi a masukulu a sekondale,

Ndikupatsani moni mwaulemu, mabwana anga. Ine ndine mphunzitsi wopuma. Ndinaphunzitsa ku pulaimale moyo wanga wonse wa pantchito, nthawi yaitali ndili ndi Giredi 7, ndipo tsopano ndimalima nshawa ndi soya kuno ku Kasenengwa. Ndine kholo, ndinenso malume wa ana angapo amene mabuku awo ndi nsapato zawo zimayang'ana ine. Ndalemba poyera chifukwa nkhaniyi si yanga ndekha, ndipo ndikufuna makolo anzanga aiwerenge pamodzi ndi inu.

Kuyambira mu 2025, mwana akakhoza mayeso a Giredi 7 salowanso Giredi 8 monga kale. Amalowa Fomu 1, ndipo akangoponda pakhomo amaikidwa m'njira imodzi mwa njira 8 zimene ndondomeko ya maphunziro ya 2023 inakhazikitsa: ya sayansi, ya zaulimi, ya tekinoloje, ya zamalonda ndi zachuma, ya za anthu ndi kakhalidwe kawo, ya zapakhomo ndi kusamalira alendo, ya zaluso ndi zisudzo, ndi ya zamasewera. Njira imene walowayo ndiyo idzamufikitse ku mayeso a Fomu 4. Ndondomeko yomweyo ikunena kuti pulaimale izithera pa Giredi 6, ndipo mwana aziyamba Giredi 1 ali ndi zaka 6. Ndiye kuti amene anayamba mu 2025 adzafika pa mphambano imeneyi mu 2031 ali ndi zaka 12. Mwana wa msinkhu umenewu ndamuphunzitsa, mabwana. Lero akuuzani kuti adzakhala msilikali chifukwa waona yunifolomu pa Nc'wala ku Mtenguleni, mawa akuti adzakhala dalaivala wa basi ya ku Lusaka. Si kupusa ayi, ndi msinkhu wake. Ntchito zimene amazidziwa ndi zokhazo zimene anazionapo ndi maso: uphunzitsi, unesi, upolisi, ubusa, udalaivala. Wopima magazi m'labu ya chipatala, woyeza malire a minda, wokonza mapampu a sola, wosunga mabuku a ndalama a kopaletivu, anthu otere sanakumanepo nawo.

Sindikulemba ngati wotsutsa ndondomekoyi. Ndinaona ndi maso anga mu Januwale 2022, maphunziro aulere atayamba, ana amene tinali titawataya kudambo ndi ng'ombe akubwerera m'kalasi. Chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000, ndipo masukulu ena akumudzi amene ankayendetsedwa ndi anthu atatu anapumako. Ndikuvomerezanso kuti si bwino kukankhira ana onse ku mabuku okhaokha pamene wina luso lake lili m'manja. Ganizo loti mwana atsate mphatso yake ndi labwino ndithu. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti m'masukulu ambiri amene ndikuwadziwa mwanayo sasankha, kholo lake silifunsidwa, ndipo onse awiri sauzidwa kumene njira imene wapatsidwayo ikupita.

Zimachitika motere. Sukulu ikamatsegulidwa, mayina amakhala atamatidwa kale pakhoma. Amene anabwera ndi mamalikisi apamwamba ali mu 1A, ndiyo ya sayansi. Otsatira ali mu 1B. Otsala onse agawidwa m'makalasi otsalawo, ndipo sabata isanathe ana amakhala atadziwa okha kuti kalasi ya kumchira ndi iti, n'kuipatsa dzina lachipongwe. Kholo labwera ndi mwana pa njinga, lasaina pamene lauzidwa kusaina, lathamangira kumunda chifukwa ndi nthawi yopalira. Mukalifunsa madzulo kuti mwana walowa njira iti, likuyankhani kuti, "Walowa Fomu 1." Ahedi sindikuwanena kuti ndi ouma mtima. Iwonso amagawa malinga ndi zimene ali nazo m'manja. Ngati pasukulupo pali mphunzitsi mmodzi wa Physics, njira ya sayansi ikhala ya kalasi imodzi. Ngati palibiretu, njirayo siikhalapo. Ngati aphunzitsi a Home Economics alipo awiri, ana ambiri apita kumeneko, afune asafune. Chimene chikusankhira mwana tsogolo si mphatso yake ayi, koma mndandanda wa aphunzitsi amene anatumizidwa pasukulupo.

Mwana wa m'tauni ya Chipata ali ndi pothawira. Kuli Chizongwe, kuli Anoya Zulu, kuli Hillside ndi St Monica's, ndipo masukulu oyendera ali pafupipafupi, moti kholo lodziwa zinthu likhoza kufunsa kuti sukulu yakuti ili ndi njira ziti, n'kupempha kuti mwana asamutsidwe. Nanga wa ku Vubwi, wa ku Chasefu, wa kuchigwa ku Mambwe ndi ku Chama? Sekondale imene angafikeko pa njinga ndi imodzi yokha, kawirikawiri pulaimale yakale imene inakwezedwa, yopanda labu, yopanda chipinda cha zida za umisiri, mwina ndi magetsi omwe kulibe. Papepala njira zilipo 8. Pasukulu yake zilipo ziwiri kapena zitatu.

Kale panali khomo lachiwiri. Ndondomeko ya 2013 nayonso inali ndi njira zake, ya mabuku ndi ya ntchito zamanja, koma pakati panali mayeso a Giredi 9. Mayeso amenewo anagwetsa ana ambiri panjira, ndipo sindiwalira. Komabe anali ndi ubwino umodzi. Mwana amene anachedwa kutseguka mutu, amene pa Giredi 7 anakhoza movutikira chifukwa chaka chimenecho amayi ake ankadwala kapena ankayenda mtunda wautali kupita kusukulu, ankatha kudzuka pa Giredi 8 ndi 9, n'kusankhidwa kupita ku masukulu odziwika monga ku Chizongwe, ku Chassa, ku Petauke, ngakhale ku Hillcrest ku Livingstone kapena ku David Kaunda ku Lusaka. Ndikudziwa anthu amene lero ali pantchito zazikulu za udokotala ndi uinjiniya, amene anadutsira pakhomo limeneli ndipo pa Giredi 7 palibe amene akanawaloza. Tsopano mayeso amodzi, olembedwa ndi mwana wamng'ono, ambiri mwa mafunso ake ongochonga yankho, ndiwo akugamula sukulu ndi njira ya zaka zinayi.

Taganizirani ana amene analemba Giredi 7 kumapeto kwa 2024. Chimenecho chinali chaka cha chilala chimene a Pulezidenti anachilengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Chimanga chinauma chili m'mawondo, nkhokwe zinali pululu, ndipo ana ambiri kuno kwathu analowa m'chipinda cha mayeso atadya kamodzi patsiku. Ana amenewa ndiwo anali oyamba kulowa Fomu 1. Kodi mamalikisi a chaka cha njala akhale chidindo chosafufutika cha nzeru za mwana? Ndikupempha kuti khomo lachiwiri litsegulidwenso, osati ndi mayeso ogwetsa ana, koma ndi lamulo lomveka: pakutha pa Fomu 1, mwana amene ntchito yake ya m'kalasi yaonetsa kuti anaikidwa pamalo osamuyenera aloledwe kusintha njira, aphunzitsi ake ndi kholo atakhala pansi. Lamulolo lilembedwe, limatidwe pakhoma la sukulu iliyonse, kuti kusintha kusakhale mwayi wa ana a anthu odziwana ndi ahedi okha.

Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa Giredi 7 anabwera kunyumba kwanga ndi amayi ake zaka zingapo zapitazo, atatenga zotsatira za Giredi 12 pa sukulu ina yoyendera. Kuyambira ali wamng'ono ankati adzakhala nesi. Pa Giredi 10 anaikidwa m'kalasi ya zophika ndi zosoka, ndipo m'kalasimo munali mawu oti masamu ndi a ana a sayansi, ife tingopezako pasi. Anandipatsa pepalalo akumwetulira, chifukwa panalibe 9, nambala ya kulephera, paliponse. Chingerezi anachita bwino, Chinyanja anachita bwino kwambiri, zophikazo chimodzimodzi. Masamu 7, sayansi 8. Anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, tipite ku St Francis ku Katete kapena ku Mwami?" Ine ndi amene ndinamuuza, amayi ake ali pomwepo, kuti 7 ndi 8 ndi pasi chabe, kuti masukulu a unesi amafuna makirediti asanu, ndiye kuti kuyambira 1 mpaka 6, ndipo mwa asanuwo Chingerezi, masamu ndi sayansi zikhalemo. Zaka zitatu anakhala m'kalasi, palibe anamuuza mawu amenewa pa nthawi imene akanamuthandiza.

Chotsatira chake mukuchidziwa. Anakalembetsa GCE, mayeso amene omaliza sukulu amalembanso kuti akonze zotsatira zawo. Maphunziro aulere safika kumeneko: phunziro lililonse limalipiridwa palokha, kuwonjezapo tuishoni m'tauni ndi kanyumba ka lendi. Amayi ake anagulitsa mbuzi ndi nshawa zimene anasungira mbewu. Mwanayo anakhoza pambuyo pake, koma anzake ambiri a m'kalasi imeneyo analibe mbuzi zogulitsa, ndipo satifiketi zawo zili m'sutikesi. Pitani pa malo alionse olembera GCE pakati pa chaka, mukafunse achinyamata odzaza pamenepo kuti akulembanso chiyani. Mayankho ake adzakhala omwewo: masamu, Chingerezi, sayansi.

Zinthu zimenezi si zachinsinsi. Aliyense wa inu akudziwa kuti ku mayunivesite a UNZA, CBU, Mulungushi ndi Levy Mwanawasa makirediti asanu ndi poyambira chabe, kuti pa maphunziro olimbirana monga udokotala ndi uinjiniya amayang'ana mapointi ndipo ochepa ndiwo abwino, kuti ngakhale pa Chipata College of Education pano wofuna uphunzitsi salowa ndi pasi, ndiponso kuti ngongole ya maphunziro ya boma, ya HELSB, siigwera aliyense amene wapeza malo. Koma zonsezi zimalembedwa m'Chingerezi, m'nyuzipepala ndi pa intaneti, ndipo zimafika kwa mwana wakumudzi zotsatira zitatuluka kale. Mlimi aliyense kuno akapita kukagula mbewu ya chimanga amafunsa kuti icha masiku angati, ipirira chilala kapena ayi, ifuna feteleza wochuluka bwanji, ndipo mayankho ake amakhala atalembedwa pathumba. Njira ya maphunziro ya zaka zinayi tikuipereka kwa mwana thumba lili losalembedwa kanthu.

Tipatseni pepala limodzi lokha. Lilembedwe m'Chinyanja, ndipo a ku Lundazi, Lumezi, Chasefu ndi Chama alilandire m'Chitumbuka, a ku Petauke ndi Nyimba m'Chinsenga. Pa njira iliyonse linene maphunziro amene alimo, makoleji ndi ntchito zimene njirayo imatsegula, ndipo linenenso mosabisa zimene imatseka. Mbali yomalizayi ndiyo yofunika koposa, chifukwa ndiyo imene timaopa kuuza makolo. Pepalalo lifike ku pulaimale mwana asanalembe mayeso, liwerengedwe pa msonkhano wa makolo, ndipo Breeze FM, Radio Maria, Mphangwe ndi Chikaya aliwerenge pa wailesi madzulo anthu atabwerako kumunda. Inu a DEBS muwonjezepo tsamba lina: sukulu iliyonse ya m'boma lanu, njira zimene ili nazo, ndipo pa njira iliyonse ngati mphunzitsi wake alipodi ndi ngati labu kapena zida zilipo. Ntchito imeneyi siifuna njerwa kapena simenti. Zonsezi mumazidziwa kale, zili m'mafailo a m'maofesi mwanu.

Mwina mundiyankha kuti imeneyi ndi ntchito ya aphunzitsi a gaidansi, amene amapereka uphungu kwa ana pasukulu. Alipodi, ndipo ambiri ndi anthu a mtima wabwino. Koma taonani katundu amene asenza. Munthu yemweyo ali ndi makalasi ake oti aphunzitse ngati mnzake aliyense. Ndiye amalembetsa ana mayeso a ECZ, bungwe loona za mayeso, ndi kuonetsetsa kuti mayina ndi masiku obadwa sanalakwike. Ndiye amapereka zotsatira ndi masatifiketi kwa amene anamaliza kale. Mtsikana akatenga pakati nkhani imafika pa tebulo lake, mnyamata akagwidwa ndi chamba chimodzimodzi. Kuyambira 2022 makalasi anadzaza mpaka pakhomo. Ndi liti limene angakhale pansi ndi mwana mmodzi n'kumufunsa kuti, "Iwe umakonda chiyani, ndipo ukamachita chiyani nthawi imakuthera osadziwa?" Chimene chimatsala ndi tsiku limodzi pachaka, pamene wapolisi, nesi ndi msilikali amabwera kudzalankhula pabwalo, ana n'kuwomba m'manja. Achepetsereni maola ophunzitsa anthu amenewa kuti uphungu ukhale ntchito yeniyeni. Ndipo popeza kusankha kwatsikira ku Fomu 1, uphunguwo utsikirenso ku pulaimale, kumene mphunzitsi wa Giredi 6 ndi 7 amamudziwa mwana aliyense ndi kwawo komwe. Lero palibe amene amatifunsa ife a ku pulaimale kuti mwana wakuti mumamuona bwanji. Chimene chimapita ku sekondale ndi nambala yokha.

Ndifike ku njira ya zaulimi, chifukwa imeneyi imandikhudza mtima koposa. Chigawo chino chimakhalira nshawa, soya, mpendadzuwa, thonje, fodya ndi chimanga. Pafupi ndi Chipata pomwepa pali Msekera, kumene akatswiri anatulutsa mbewu za nshawa monga MGV4 ndi MGV5 zimene tikubzala m'minda mwathu. Kampani ya COMACO imagula nshawa kwa alimi n'kupanga chiponde chimene chimagulitsidwa m'masitolo a ku Lusaka. Ku Katete kuli koleji ya zamalonda a zaulimi, ku Lusaka kuli koleji ya zaulimi ya NRDC, ndipo ku UNZA kuli sukulu yonse ya zaulimi. Ngati pali njira imene ana anzeru kwambiri a Kum'mawa akanailimbirana, ndi imeneyi. Koma funsani mwana wa Fomu 1 ngati akuifuna, muone nkhope yake. Ndife tinamuphunzitsa zimenezo. Kwa zaka zambirimbiri khasu pasukulu lakhala chilango: wachedwa, kalime, wasokosa, kazule chitsa. Kenako tinatenga ana a mamalikisi otsika n'kuwaunjika m'kalasi ya zaulimi, ndipo nthawi ya phunzirolo inkathera kuthirira dimba la sukulu. Mwana amene kwawo amagwira khasu kuyambira ali ndi zaka zisanu sanabwere kusukulu kudzaphunzira kupalira. Anabwera kudzaphunzira chifukwa chake nthaka ya kwawo yasiya kubereka ngakhale athire feteleza, chimene laimu amachita m'dothi, mmene chuku chimalowera m'nshawa zosauma bwino mpaka ogula akunja kuzikana, ndi mmene angawerengere ngati hekitala ya soya yamupindulira atachotsa zonse zimene analowetsa. Zimenezi zimafuna masamu ndi Chemistry, ndi mphunzitsi wodziwa. Njira ya zaulimi yopanda zimenezi ndi ganyu wosalipidwa. Lekani kulanga ana ndi khasu, ahedi anga, ndipo mu kalasi ya zaulimi muikemonso ena mwa ana amene akanalowa mu 1A, atafunsidwa ndi kuuzidwa kumene njirayo ingawafikitse.

Zomwezi ndinganene za kusamalira alendo ku Mambwe, kumene malo ogona alendo a ku Mfuwe amafuna ophika, osunga mabuku ndi operekeza alendo m'nkhalango ya South Luangwa, ndipo mwana wobadwira pomwepo ayenera kukhala woyamba kupeza ntchito zimenezo.

Pa ntchito zamanja lonjezo la 2013 linali lakuti mwana atuluke ndi mapepala awiri, satifiketi ya ECZ ndi ya trade test, mayeso a ntchito zamanja a bungwe la TEVETA. Kumene kunali zida ndi aphunzitsi, lonjezolo linabala zipatso. Kumene kunalibe, ana anaphunzira ukalipentala pa bolodi, kujambula sowo m'kope osaigwirapo. Musalole kuti sukulu ilembe kuti ili ndi njira ya tekinoloje pamene ilibe benchi kapena kompyuta yoyaka. Ndi bwino kunena zoona kuti njirayo pano palibe, kusiyana ndi kusunga mwana zaka zinayi ndi dzina lokha. Ndipo amene wamaliza njira yotere adziwe kuti pepala lake lidzalandiridwa ku masukulu a ntchito zamanja a Chipata Trades kapena Ukwimi ngati poyambira penipeni. Ndalama zothandizira zimenezi zili pafupi kuposa kale. CDF, ndalama za chitukuko zimene boma limapereka ku dera la phungu aliyense, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo yakhala ikukwerabe chaka ndi chaka. Tamanga nayo midadada ya makalasi yambiri, tagula madesiki, ndipo tikuthokoza. Tsopano aphungu athu a nyumba ya malamulo, makhansala ndi makomiti a m'mawodi amve kuchokera kwa inu a zamaphunziro kuti m'dera lakuti chosowa si kalasi inanso koma labu. Basale ya CDF ya sukulu zogonera komweko igwirenso ntchito iyi: mwana wa ku Vubwi amene mutu wake ndi wa sayansi koma sukulu ya kwawo ilibe njirayo, atumizidwe kumene ili.

Za atsikana ndinene mwachidule koma mosapsatira. Mndandanda ukamatidwa, yang'anani kuti ndani ali ku zophika ndipo ndani ali ku tekinoloje. Ngati mbali ina ndi atsikana okhaokha ndipo ina ndi anyamata okhaokha, pamenepo sipanasankhidwe mphatso, pasankhidwa chizolowezi. Kuyambira 1997 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu, ndipo mu 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa kuti wosakwana zaka 18 asakwatiwe ngakhale mwa mwambo. Kalonga Gawa Undi ndi Inkosi ya Makosi Mpezeni akhala akudzudzula maukwati a ana. Zonsezi ndi zabwino, koma mtsikana amene saona kumene sukulu ikumutengera ndiye amamvera msanga wina akamuuza kuti akutaya nthawi. Ndipo amene wabwerera atabereka nthawi zambiri amasankha sukulu ina pothawa manyazi. Akapeza kuti kumeneko njira yake kulibe, ayambire pati? Funso lomweli likukhudza mwana aliyense amene makolo ake asamuka, kapena amene wapita kukakhala kwa agogo ake makolo atamwalira. Kale Giredi 8 ya ku Sinda inali pafupifupi yofanana ndi ya ku Lundazi. Tsopano mwana akhoza kufika pa Fomu 2 n'kupeza maphunziro amene sanawaonepo. Ahedi akufunika malangizo olembedwa a mmene angalandirire mwana wotere.

Ife makolo tili ndi mbali yathu, ndipo pano ndikulankhula ndi anzanga. Ambiri a ife timadziwa mawu awiri okha, dokotala ndi loya, ndipo mwana akanena kuti akufuna zamagetsi kapena zoimba timamuona ngati wataika. Ena timaseka mwana amene watenga Chinyanja ngati phunziro, pamene pa satifiketi chimawerengedwa ngati phunziro lina lililonse, ndipo m'makhoti, m'mawailesi ndi m'makalasi mukufunika anthu ochilemba bwino. Koma kholo silingalangize chimene silinauzidwe. Tiitaneni mndandanda usanamatidwe, osati utamatidwa kale, ndipo mutiitane pa nthawi imene mlimi angabwere.

Pali chaka chimodzi chimene ndikupempha kuti muchiyang'anitsitse, ndicho 2028. Ana amene analowa Giredi 8 mu 2024 adzalemba Giredi 12 chaka chimenecho. Ana amene analowa Fomu 1 mu 2025 adzalemba Fomu 4 chaka chomwecho. Magulu awiri adzatuluka pamodzi, wina ataphunzira sekondale zaka zisanu, wina zinayi, ndi mapepala osiyana. Pamwamba pa Fomu 4 ndondomeko yaika Fomu 5 ndi 6. Makolo a ana oyambawa akufunika kumva tsopano, osati mu Disembala 2028, kuti ndi masukulu ati m'chigawo chino amene adzakhale ndi Fomu 5, mwana adzalowamo ndi zotsatira zotani, njira ya Fomu 1 idzalumikizana bwanji ndi ya Fomu 5, ndiponso kuti wotuluka pa Fomu 4 adzalandiridwa kuti: ku unesi, ku uphunzitsi, ku Trades, kapena ku yunivesite. Mwana amene ali m'kalasi lero akhoza kukonza masamu ake ngati wauzidwa lero kuti adzafunika. Mayunivesite, makoleji a zaumoyo ndi TEVETA akhale nanu pansi, mugwirizane chimodzi, ndipo chimene mwagwirizanacho chilowe pa pepala lija la m'zilankhulo zathu.

A PEO, Chigawo cha Kum'mawa chikhoza kuyamba chokha zina mwa izi osadikira Lusaka. Pepala la njira, mndandanda wa masukulu ndi zimene ali nazo, msonkhano wa makolo ana asanagawidwe, ndi kalata yochokera kwa mphunzitsi wa ku pulaimale yoperekeza mwana aliyense ku Fomu 1, zonsezi zili m'mphamvu yanu ndi ya a DEBS. Za kusintha njira pakutha pa Fomu 1, za maola a aphunzitsi a gaidansi ndi za 2028, zimenezo ndazitula kwa inu a Nduna. Ndikupempha kuti yankho lanu libwere poyera monga kalatayi yabwerera, pa wailesi ndi m'Chinyanja, ana a Giredi 7 a chaka chino asanalembe mayeso. Aphunzitsi opuma tilipo ambiri m'midzi muno, ndipo mukafuna anthu omasulira pepalalo kapena oliwerenga pa misonkhano ya makolo, titumeni.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wopuma ndi kholo,
Kasenengwa